Maselo a Orest Akadali Moyo ku Winnipeg

Lolemba, 2 Okutobala

Foni inalira ndikukumba mbatata kuseri kwa nyumba. Ndinayankha manja ali dothi lokhalokha. Mawu a mzimayi, aulemu: "Kodi ndikuyankhula ndi Mayi Verna Bilyk? Ndine Dokotala Dizon, kuno ku Winnipeg." Papita chaka ndi theka chimwalirireni mwamuna wanga Orest, koma ndikangomva kuti dokotala, ndimayembekezerabe zoipa.

Akuti si dokotala wa odwala, ndi wofufuza, ali ndi labu ku yunivesite. Pa nthawi ya opaleshoni ya kapamba ija, mwamuna wangayo, O., anavomera kuti kachidutswa ka chotupa chake apatse ofufuza. Ndakumbukira tsopano. Anandiuza ali chigonere pabedi, akuseka, kuti "ndawapatsa kanyama akawete." Ine ndinkangoti ndi mankhwala ogonetsa aja akumubwebwetetsa.

Ndiye anakawetadi. Maselo a khansa yake akadali moyo. Akudya, akuswana, m'timabotolo ta pulasitiki.

Ndinavundikira chidebe n'kukhalapo.

Pempho lawo ndi ili: labu ina ya ku Halifax, mzinda wakutali wa kunyanja, ikufuna ena mwa maselowo. O. anangolola kuti agwire nawo ntchito ku Winnipeg, ndiye safuna kuwatumiza kwina popanda mawu a banja. Komanso akuti O. anawatuma kuti, "Akadzachita chinthu chodabwitsa mudzamuuze mkazi wanga, amakonda nkhani." Akuti tsopano achita. Ndingapite kukaona ngati ndikufuna.

Ndinati ndiganize kaye. Mbatata ndazisiya pamtunda. Chisanu chisabwere lero.

Lachiwiri, 3 Okutobala

Ndamuimbira mwana wanga Lesia pa nthawi yake yopuma kusukulu, ana akuchita phokoso kumbuyo. Sanachedwe n'komwe. "Amayi, ingovomerani. Amenewo si Adadi. Ndi chinthu chimene chinapha Adadi. Akufuna kuchitumiza ku mwezi, achitumize." Akuti ndipite Lachinayi, ndikagone kwake. Iye ku labuko sapondako, ali ndi makalasi. Mwana wangayo akafuna kuthawa chinthu amakhala ndi makalasi.

Mbatata ndamaliza, zatuluka zabwino chaka chino. Atsekwe akudutsa tsiku lonse kulowera kummwera.

Alamu a Stefa, achemwali ake a O., sindinawauze. Ndikudziwa kale zimene anganene, ndi mawu ake omwe.

Lachitatu, 4 Okutobala

Ndakumana ndi a Stefa ku positi. Takamba za mawondo awo basi.

Lachinayi, 5 Okutobala

Ndili kwa Lesia. Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinanyamuka m'mawa. Minda yonse akolola, kwangotsala ziputu za tirigu kuchokera kwathu ku Dauphin mpaka kulowa mumzinda. Labu ili m'nyumba yosanja, imanunkhira ngati bafa lotsukidwa kumene. Dr. D. ndi wamfupi, imvi zayamba, nsapato zothamangira. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti O. amamukumbukira bwino, chifukwa anawafunsa ngati firiji yawo ili ndi jenereta magetsi akazima.

Anandiveka chijasi choyera ndi magolovesi. Kenako anatsegula kabati yofunda mkati, muli timabotolo taphanthiphanthi togoneka chogona, muli madzi ofiirira ngati juwisi wosungunula.

"Awa ndi a Bambo Bilyk."

Palibe dzina, nambala yokha. Anandipatsa kuti ndigwire. Kofunda ngati botolo la mkaka wa khanda. Ndinayang'anitsitsa, sindinaone kanthu, kachifunga chabe pansi pake. Sindinalire. Ndinangofunsa kuti amadya chiyani. Shuga, mchere, ndi zina. Ndinati shuga ndiye ankamukondadi.

Tinalowa m'kachipinda kamdima, muli makina oonera tinthu ting'onoting'ono, olumikiza ku kompyuta. Poyamba pagalasi panangooneka timiyala totuwa, tothithikana. Kenako anayatsa nyali ina ya makinawo, ndipo tonse tinasanduka tobiriwira. N'kuyamba kuphethira. Kena uku, kena uko, kuyaka n'kuzima, ngati ziphaniphani m'dambo mu Julayi.

Ndinafunsa kuti chikuwalacho n'chiyani.

"Kashiamu."

"Yemweyu wa mu mkaka ndi m'mafupa?"

"Yemweyo. Selo lililonse limamusunga m'kankhokwe kake mkati. Likafuna kuchita kanthu, kaya kugawikana, kaya kusuntha, limatsegula kankhokweko pang'ono, kashiamu n'kutuluka. Ife tawathira utoto umene umawala ukakumana naye. Kenako timapampu ta m'selomo timamubweza, kuwala n'kuzima. Ndiye mukuonazi ndi selo likudziuza lokha zochita."

O. ankakonza makina okololera tirigu moyo wake wonse. Akanamva za timapampu akanawafunsa mayiwa mpaka kuwalanda mpando.

Anandionetsa kabotolo ka madzi oyera, ooneka ngati a pampopi. Muli mankhwala amene amawatulutsa m'makungwa a birch, mitengo ya makungwa oyera ija yadzaza kuseri kwa garaja yathu. Ndiyenera kuti nkhope inandisintha, chifukwa anafulumira kunena kuti, "Ayi Mayi Bilyk, musayambe kuganiza zimenezo. Mukanawiritsa nkhalango yonse sizikanathandiza. M'mbale, zinthu zambiri zimapha khansa, ngakhale sopo. Nkhani imavuta m'thupi la munthu, ndipo kumeneko sitinafikeko n'komwe." Ndawathokoza mumtima chifukwa cha mawu amenewo.

Anandifunsa ngati ndikufuna kuonerera akamathira. Ndinati ndabwera kale.

Timadontho tochepa. Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenako galasi lonse linangoti ngwee, maselo onse kuyaka pamodzi, owala kwambiri, osazimanso.

"Nkhokwe zataya zonse, timapampu tikulephera kubweza," anatero chapansipansi. "Selo silingapirire kashiamu wochuluka chonchi nthawi yaitali. Zimene sitikudziwa bwino n'zakuti mankhwalawa akuboola nkhokwe kapena akutsamwitsa timapampu."

Pang'onopang'ono maselo anayamba kukhwinyata, ena kutuluka timatuza m'mbali. Makina akungolira chapansipansi. Dr. D. anati tidikirebe. Ndiye chakumunsi, pakona, kagulu kena kanayamba kuzirala. Kanazimiratu. Kenako kamodzi kanaphethira. Kena. Kenanso.

"Awo! Awo!" Ndinali nditaimirira. "Limbani, limbani!" Mpaka ndinaomba m'manja, ndi magolovesi omwe.

Dr. D. sanandiyang'ane modabwa. Anati chimene anandiitanira ndi chimenecho. Maselo a odwala ena amene ali nawo, akathiridwa chonchi pafupifupi onse amafa. A O. ena amadzukanso. Akadziwa mmene amamutulutsira kashiamuyo, mwina adziwa khomo loyenera kutseka. Ku Halifax kuli anthu amene ntchito yawo ndi timapampu timeneti, ndipo ali ndi zipangizo zimene kuno kulibe.

"Anali wamakani," ndinatero. "Anafika pomwalira akunenabe kuti ndi m'mimba chabe."

Anaseka pang'ono. Pepala loti ndisaine ndabwera nalo, lili m'chikwama.

Lachisanu, 6 Okutobala

Ndabwerera kunyumba. Dzulo pa chakudya ndinamufotokozera Lesia zonse, ndi zoomba m'manja zomwe. Ndimati aseka. Anaika foloko pansi.

"Mumachemerera khansa, Amayi?"

Ndinati sindinaganize, zinangochitika.

"Ine ndinkawakweza Adadi masitepe a panyumba paja atatha ngati mbalame. Inu mwaiwala?"

Sindinaiwale. Anatsuka mbale mwaphokoso, ine ndinapukuta. M'mawa anandiphikira khofi, anandipsompsona patsaya, koma nkhani ija sitinaikhudzenso.

M'njira ndimangoona mitengo ya birch paliponse. Zaka zonsezi ndimaidutsa osaiona. Masamba achita chikasu, mawa kapena mkuja ayoyoka.

Loweruka, 7 Okutobala

Tsiku lonse kukhitchini ndi a Stefa, kukonza maperogi a chikondwerero cha Tsiku Lothokoza. Iwo kupsinja mtanda, ine kuika mbatata ndi tchizi mkati n'kutsina m'mbali. Monga mwa masiku onse: "Iwe mlamu, zaka zonsezi uli pabanja pathu sunaphunzire kutsina? Amenewa akalowa m'madzi aphulika ngati matumba a anthu osauka." Ndinati mchimwene wawo sanadandaulepo. Akuti ankandiopa.

Ndinawauza manja athu ali otanganidwa, kuti ndisawayang'ane m'maso.

Analeka kupsinja. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda, ufa n'kutsalira pachipumi.

"Ukuti mbali ina ya Orest ili m'kabati?"

Ndinati si mbali yake kwenikweni, ndi chotupa chija.

"Chinamera pa ndani? Pa mtengo?"

Amayi awo anamwalira O. asanayambe kuyenda, ndipo anamulera ndi a Stefa, iwonso ali kamtsikana. Ankamusambitsa m'beseni lochapira, kumumangira nsapato, kumumenyera anzake kusukulu. Ndiye akamati "mwana wanga" sanama.

"Munthu amaikidwa yense," anatero. "Ine chaka chonsechi ndikumupempherera kuti apumule, pamene kwinako akumuyatsa ngati nyali za Khirisimasi. N'chifukwa chake ndimamulota ali chiimire."

Tinamaliza maperogi. Anawatsinanso anga onse, mmodzimmodzi.

Lamlungu, 8 Okutobala

Titatuluka m'tchalitchi a Stefa anawapanikiza ansembe pakhomo. Ansembe anamvetsera bwino, anati iwo sakuona tchimo, zili ngati kupereka magazi, ndipo mwini wake anavomera ali moyo. M'galimoto a Stefa: "Mwana wa dzulodzuloli, ndevu sizinakwane n'komwe."

Chisanu chagwa usiku wathawu. Maluwa a pakhonde afa onse. Kaloti ali bwino.

Lolemba, 9 Okutobala

Tsiku Lothokoza. Lesia anafika m'mawa ndi mwamuna wake, amene anadya msanga n'kuthawira ku mpira wa pa kanema. Anachita bwino.

Zinayamba nkhukundembo ili pakati. A Stefa anati akufuna maselowo abwere kuno, ansembe afune asafune, akumbe kadzenje pambali pa mwala wa pamanda a O.

"Azakhali, mukufuna kuika khansa m'manda mwa Adadi? Iwatsatirenso komweko?"

"Inakula ndi chakudya chimene ndinkamuphikira ine. Ndi yake."

"Nsabwe nazonso zimakula ndi magazi a munthu, timaziika m'manda?"

"Taona pakamwa pakepo. Ndi mmene mumaphunzitsira ana kumzindako?"

"Azakhali, kuli anthu ena akudwala panopa. Adadi anapereka dala."

"Anapereka ali ndi mankhwala m'mutu. Bambo ako akanapereka ndi nsapato zomwe, wina akanangowapempha mwaulemu."

Apo Lesia anaseka osafuna, chifukwa n'zoona. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine. Pepala likufuna dzina langa, osati lawo. Ndinati msuzi ukuzizira.

Potsazika a Stefa anatsegula kabati yanga, n'kutenga botolo la jamu lopanda kanthu, lokhala ndi chivundikiro chabwino. "Ukamapitanso unditenge. Ndikamutenga ndekha."

Lesia anandiyang'ana kuti ndiwaletse. Sindinawaletse.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Nyumba yangoti zii. Zotsala zadzaza firiji.

Pepala ndalitulutsa, ndaliwerenga, ndalibweza. Lesia akunena zoona, ndikudziwa. Za a Stefa zokumba kadzenje sindikugwirizana nazo. Ndiye chikundigwira dzanja n'chiyani? Chichokereni ku labu kuja, ndikadzuka m'mawa ndimadziwa kuti kwinakwake kuli kanthu ka O. kofunda, kakudya shuga. Ndikudziwa msewu wake, nyumba yake, kabati yake. Ndimamwa khofi bwino. Ndipo kusaina kukukhala ngati ndikumupereka kwa anthu osamudziwa kuti azikamupha tsiku ndi tsiku.

Mutu ukudziwa kuti si iye. Koma manja anagwira botolo lofunda.

Ndatchera mbewa m'chipinda cha mbatata.

Lachitatu, 11 Okutobala

Ndawaimbira Dr. D., ndawachenjeza za alamu ndi botolo lawo. Anangoti, "Abwere. Inenso ndili ndi azakhali." Lachisanu masana.

Madzulo Lesia anaimba. Anayamba ndi za matayala a nyengo yozizira, kuti ndisachedwe kusinthitsa. Kenako anati, "Amayi, ndinakukalipirani chifukwa inenso mwina ndikanaomba m'manja. N'chifukwa chake sindinapite." Ndinati ndikudziwa. Kenako tinabwerera ku matayala.

Lachinayi, 12 Okutobala

Matayala asintha. A Stefa aimba kufunsa ngati ku yunivesite amalola kulowa ndi chipewa.

Lachisanu, 13 Okutobala

Kwa Lesia. A Stefa agona kale m'chipinda cha alendo, dzuwa lisanalowe n'komwe. Ulendo wawatopetsa.

Anavala chijasi cha kutchalitchi. Botolo analikulunga m'kansalu kopeta maluwa ofiira kamene kanali ka amayi awo, ndipo njira yonse linali pamiyendo.

Dr. D. anatilandira pakhomo. A Stefa sanadikire kukhala pansi. Anaika botolo patebulo, nati, "Ndabwera kudzatenga mchimwene wanga."

Dr. D. sanaseke, sanawanyengererenso. Anati maselo amoyo a khansa saloledwa kutuluka m'botolo la jamu, ngakhale iwo atafuna. Banja likati ntchito ileke, aileka lero lomwe, koma maselowo awapha ndi mankhwala n'kuwatentha. Palibe chimene chingapite kumanda. "Koma musanagamule, bwerani muwaone."

A Stefa anakana kuvula chipewa. Chijasi choyera anavala pamwamba pa chawo, anangokhala ngati mtolo.

M'kachipinda kamdima muja, ziphaniphani zija zitayamba, anadzilembanso mtanda. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Akumva kuwawa?"

"Ayi. Alibe misempha, alibe ubongo."

"Akumudziwa Orest?"

"Anachokera kwa iwo, ndipo malangizo a thupi lawo akadali nawo. Koma ndi osokonekera kwambiri. Malo amene amati lekani kukula anafufutika."

Kenako Dr. D. anati ali ndi kanema amene ine sanandionetse ulendo watha, chifukwa sanafune kundichulutsira. Anandifunsa kaye ndi maso. Ndinagwedeza mutu. Akuti amakanda mzere pakati pa maselo, ngati kulambula kanjira, n'kusiya makina akujambula mpaka mawa lake. Ndiye amathamangitsa zithunzizo.

Ndinaona. Maselo a m'mbali mwa kanjira aja anatulutsa timiyendo, n'kuyamba kukwawa. Kukwerana, kukankhana, kuphethira kwinaku akukwawa. Limodzi limaima, kufufuma, kung'ambika pawiri, awiriwo n'kupitirira. Posakhalitsa kanjira kaja kanatsekeka, ndipo sanaleke, anayamba kusanjikizana.

"Ndi mmene zinkachitira m'mimba mwake?" anafunsa a Stefa.

"Mofanana ndi mmenemo."

Ine ndinakumbukira lamba. O. ali m'garaja, akuboola lamba wake ndi msomali kuti thalauza lisagwe, sabata iliyonse bowo latsopano, akundiuza kuti akuchepetsa thupi kuti ndimukondenso. Maso achikasu. Nthawi yonseyo mkati muli zinthu zimenezi, zikukwawa, zosatopa.

Dr. D. anafotokoza za kashiamu, nkhokwe, timapampu ndi makungwa. A Stefa anamvetsera mutu uli chopendekera. Pa makungwapo anati, "Mitengo yathu yomwe ija? Timangoyatsira moto." Dr. D. anatenga kachipangizo kothirira timadontho, koma a Stefa anawagwira mkono.

"Mupatseni mlamu wangayu athire. Ndi iye anamusambitsa mpaka tsiku lomaliza. Ine ndinangoyamba."

Sanandiuzepo mawu otero chikwatiwireni.

Dr. D. anaganiza pang'ono, kenako anandigwiritsa kachipangizoko, dzanja lawo pamwamba pa langa, kundilozera pothira. Ndinatsindika ndi chala chachikulu. Kopepuka ngati cholembera.

Galasi linati ngwee. Tinadikira. Kukhwinyata, timatuza. A Stefa akung'ung'udza chapansipansi m'chinenero cha makolo awo, sindikudziwa ngati linali pemphero kapena matemberero. Kenako, monga tsiku lija, kagulu kena kanazirala n'kuyambanso kuphethira. Manja anga anali m'matumba a chijasi, ndipo anakhala momwemo. Mtima unasuntha pang'ono ndithu, sindinama. Koma pang'ono.

"Nanga awo?" a Stefa analoza ndi chala mpaka kugunda galasi.

"Amenewo ndi amene atikanika. Ku Halifax mwina angawathe."

"Mwina?"

"Mwina. Zitha kutenga zaka, ndipo zitha osatheka. Sindikufuna kukunamizani."

A Stefa anachotsa chala pagalasi. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, pepala lija uli nalo?"

Ndinasainira patebulo la panja, pambali pa makina a khofi. Dr. D. akuti maselo ena atsala konkuno, ena ali kale m'thanki yozizira kwambiri, ogona. Ndinadabwa kuti sindinafunse kuti thankiyo ili chipinda chiti.

Botolo a Stefa anawasiyira Dr. D. "Muziikamo maluwa. Muno mulibe chamoyo chimene munthu angakondwe nacho." Kansalu anakapinda n'kuika m'thumba.

Loweruka, 14 Okutobala

Tinanyamuka titadya kadzutsa. Lesia anawakumbatira azakhali ake nthawi yaitali, iwo akumuuza kuti wawonda, mwamuna wake sakumudyetsa.

Kumwamba kotuwa njira yonse. A Stefa anagona, anadzuka, anadandaula kuti ndimayendetsa ngati ndanyamula mazira. Titayandikira kwathu anati, "Khotera kumanda."

Kunalibe munthu. Udzu wauma, mphepo ikuchokera kumpoto. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka pamwala, anachotsa masamba ndi nsonga ya ndodoyo, n'kuyamba kuyankhula mokweza ngati O. ali pansi pa thirakitala.

"Orest, ndine. Takaona matenda ako aja. Ndi oipa nkhope, ndipo ndi amakani ngati iwe wemwe. Ndimafuna ndikubweretsere, koma ndaona kuti ulibe nawo ntchito. Mkazi wako wawathira mankhwala ndi dzanja lake, ndipo otsalawo wawatumiza ku Halifax, kunyanja, akathane nawo odziwa. Iwe sunafikeko n'komwe ku Halifax. Ndiye gona. Usandiimirirenso kumutu usiku, ndine wokalamba."

Anapemphera pang'ono, anapsompsona zala n'kugwira mwala. Kenako anandiyang'ana.

"Iwe ulibe chonena?"

Ndimabwera kuno kawirikawiri, kudzazula udzu, kudzasintha maluwa, koma sindinayankhulepo. Ndimaona ngati ndi misala kuyankhula ndi mwala. Ndinati ndili nacho, koma akandidikire m'galimoto.

"Ndipatse makiyi, ndiyatse chotenthetsera. Usafulumire."

Ndinamva ndodo ikugogoda timiyala ta m'njira, kenako chitseko cha galimoto. Tinthu toyera tinayamba kugwa tapatalipatali, chipale chofewa choyamba cha chaka chino, tikusungunuka tikangofika pamwala. Ndinayala mpango pansi n'kukhala. Sindinadziwe poyambira, ndiye ndinayamba ndi kumuuza kuti maselo ake aja anali obiriwira.